Moyo wa Ambuye Mathurin Guillemé, Episkopi wa ku Bembeke

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za munthu amene ambiri a inu mumamva dzina lache, koma mbiri yache simuidziwa bwino. Amene anayendako ku Mchinji adziwa kuti kumeneko kuli mishoni yotchedwa Guilleme. Dzinalo si la mtsinje kapena la phiri ai. Ndi la Episkopi amene anakhala kuno ku mapiri a Dedza, pa Bembeke, naweta Akristu a dziko lino kuyambira chaka cha 1911 kufikira 1934. Makolo athu anawadziwa ali nkhalamba kale. Za unyamata wao, ndi zoopsa zimene maso ao anaona asanaponde dziko lathu, ndi owerengeka okha anazimva.

Mathurin Guillemé anabadwa pa 3 July 1859 m'mudzi wa Sainte-Marie, pafupi ndi mzinda wa Redon, m'dziko la France. Chigawo chimenecho achitcha Bretagne, dziko la alimi ndi asodzi, limene linatulutsa ansembe ambiri opita ku maiko akutali. Anaphunzira za unsembe mu dayosizi ya Rennes, nafika pa udikoni. Akadafuna, akadakhala kwao konko ndi kutumikira anthu a chinenero chao. Koma chaka cha 1882 anaoloka nyanja kunka ku Algeria, nalowa m'chipani chimene Ambuye Charles Lavigerie, Episkopi wamkulu wa ku Algiers, anachiyambitsa mu 1868. Ndicho chipani cha Abambo a White Fathers, otchedwa motero chifukwa cha mkanjo wao woyera umene amabvala pamodzi ndi korona m'khosi. Analandira unsembe pa 22 September 1883, ali ndi zaka 24.

Chaka chotsatira anawatuma ku chisumbu cha Zanzibar. Nchito yao kumeneko inali yooneka ngati yaing'ono: kusunga katundu ndi kukonzera maulendo a Abambo opita m'kati mwa Afrika, kugula nsalu, mikanda ndi waya zolipirira njira, ndi kufuna amtengatenga. Koma Zanzibar ndiko kunathera njira zonse za akapolo. Msika waukulu wa anthu unali utatsekedwa mu 1873, Angerezi ataumiriza mfumu Barghash. Komabe zombo zinalikufikabe mobisa, zodzaza ndi anthu ogwidwa. Ndipo tamverani ichi, inu a kuno: ambiri mwa akapolo a pa chisumbu chimenecho anali ochokera ku nyanja yathu yomwe ino, Anyanja ndi Ayao, amene anawaolotsa pa madooko onga la Jumbe ku Nkhotakota ndi kuwatsitsira ku Kilwa ali m'magoli. Masiku amenewo agogo athu kuno analikugona m'mapanga ndi pa nsonga za mapiri, kuopa nkhondo.

Mu August 1885 Bambo Guillemé ananyamuka ku Bagamoyo ndi ulendo wa pansi, wa miyezi yambiri, kufikira nyanja ya Tanganyika. Anaoloka nakhala pa mishoni ya Kibanga, ku tsidya la kumadzulo, m'dziko limene lero litchedwa Congo. Kumeneko ndiko anaona ukapolo pa gwero lache. Anthu a mfuti, Aluya ndi Aswahili pamodzi ndi anyamata ao a m'dziko momwemo, analikuzinga midzi mbanda kucha, kupha amuna olimbana nao, kumanga akazi ndi ana, ndi kuwasenzetsa minyanga ya njobvu. Kumapeto kwa chaka cha 1887 anakantha midzi yoyandikana ndi Kibanga. Othawa anadzaza m'linga la mishoni. Abambo anatulutsa nsalu zimene anali nazo naombola ogwidwa mmodzi mmodzi, kufikira nsalu zinatha. Otsalawo anapita nao akuona. Bambo Guillemé analemba zimenezi m'kalata, nasimbanso za mudzi wa Ujiji, kumene akapolo odwala ndi akufa anangowataya kunja kwa mudzi kuti afisi awamalize.

Kalatayo sinathere m'bokosi. Chaka cha 1888 Kardinala Lavigerie anayenda m'mizinda yaikulu ya ku Ulaya, ku Paris, ku London ndi ku Brussels, kulalikira poyera za malonda a anthu, ndipo umboni wao unali makalata a ana ao a ku Tanganyika. Maufumu a Azungu anasonkhana ku Brussels mu 1889 ndi 1890 napangana zoletsa malondawo. Tisaiwale kuti maufumu omwewo analikugawana Afrika ngati nyama ya pa uzimba, ndipo mau a chifundo anawathandiza kubisa dyera lao. Anthu a ku Congo anaona nkhanza zina zoopsa m'manja mwa Mfumu Leopold. Koma zimene wansembe uja analemba zinali zoona, ndipo anazilemba pamene ena anangokhala chete.

Amawerenga kuti ana amene Bambo Guillemé anawaombola, ku Zanzibar ndi ku Congo, anafika ngati 1,500. Ndalama zache zinachokera kwa Akristu a ku Ulaya, makamaka ku chigwirizano cha Ubwana Woyera, m'mene ana ang'ono amasonkha timakobiri tao. Nchito imeneyi inali ndi munga m'kati. Pakuti ukagula mwana kwa wakuba anthu, nsalu yako isanduka onga ndi zipolopolo, ndipo mawa adzabwera ndi ana ena awiri. Nanga ukakana, mwana ali pamaso pakoyo adzafera m'njira. Munthu wokhala pa mtendere angathe kutsutsana nazo tsiku lonse. Iwo analibe nthawi yotero, ndipo anasankha mwana amene analikumuona. Anawo anakula pa mishoni, anabatizidwa, anakwatirana, namanga midzi ya Akristu okhaokha mozungulira nyumba ya Abambo. Inali midzi ya mtendere, komanso inali midzi ya anthu opanda mbumba, opanda manda a makolo, odalira Mzungu pa zonse monga mwana adalira mache. Chikristu chotere chinali ngati mbeu ya m'dimba lotchingidwa: chinakula bwino m'kati mwa mpanda, koma kufalikira m'midzi ya eni dziko kunabvuta.

Pambuyo pache anakhala ku Mpala, kumwera kwa gombe lomwelo. Kumeneko kunali Mfalansa wina, Léopold Joubert, amene kale anali msilikali wa Papa. Iyeyu sanali wansembe. Anaphunzitsa anyamata a m'midzi kugwira mfuti kuti adziteteze kwa ogwira akapolo, nakwatira mkazi wa m'dzikomo, nakhala konko kufikira imfa yache mu 1927. Motero Abambo anapewa kugwira okha zida, ngakhale mishoni inakhala ngati boma laling'ono, loweruza milandu ndi kusunga linga.

Chaka cha 1899 anawatumiza kumwera, ku dziko la Eklezia lotchedwa Vikariati ya Nyasa, limene panthawiyo linaphatikiza dziko la Abemba ndi dziko lathu lino. Episkopi wache anali Ambuye Joseph Dupont, amene Abemba anawatcha Moto Moto. Iwowa anadwala napita ku Ulaya, ndipo ulamuliro wonse unatsala m'manja mwa Bambo Guillemé. Kuno ku Nyasaland Abambo a White Fathers analibe mishoni ngakhale imodzi. Anayesapo kale kwa Mponda, kumene anafika kumapeto kwa 1889, koma anachokako mu 1891 atatopa ndi malungo ndi nkhondo za Ayao. Abambo a Montfort anali atangofika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901. Tsono Bambo Guillemé anaona kuti akachedwa, khomo lidzatsekeka. M'zaka zitatu zokha anatsegulitsa Chiwamba, imene inasamukira ku Likuni mu 1903. Mua mu September 1902. Kachebere mu 1903. Ndi Kambwiri ku chigwa cha Luangwa mu 1904. Ambuye Dupont atabwerera chaka chomwecho, anawabwezera udindo wao popanda chiphokoso.

Inu nonse muidziwa Mua: ili patsinde pa phiri, moyang'ana ku chigwa cha nyanja, kumene dzuwa la October liotcha ngati ng'anjo ndipo udzudzu suleka. Mtakataka, imene inatsegulidwa mu 1908 pafupi ndi mfumu Kachindamoto, ndi chimodzimodzi. Abambo analikudwala kawirikawiri. Chifukwa chache mu 1910 anakwera chitunda chachikulu chija namanga pa Bembeke, pamalo pa mphepo yozizira ndi nkhungu ya m'mawa, kuti odwala azipezako mphamvu. Malo amene anayamba ngati popumulira ndiwo anasanduka likulu. Pakuti Ambuye Dupont atatula udindo, Papa Pius X anasankha Bambo Guillemé mu February 1911, ndipo anadzozedwa uepiskopi pa 18 June chaka chomwecho ku Baudouinville, pa gombe lija la Tanganyika pamene anathera unyamata wao. Mu 1913 dziko la Abemba linapatulidwa nilipatsidwa Episkopi wache, Ambuye Etienne Larue. Ambuye Guillemé anatsala ndi chigawo cha pakati ndi cha kumpoto cha Nyasaland pamodzi ndi dziko la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, nakhazikika pa Bembeke.

Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu ndi za ku Kibanga. Kuno kunalibenso ana ogula. Ukapolo unali utathyoledwa, Mlozi atapachikidwa ku Karonga mu 1895. Anthu anali m'midzi yao, pansi pa mafumu ao, ndi miyambo yao. Wofuna kuwafikira anayenera kupita kwao, kupempha malo kwa nyakwawa, ndi kusiya munthu wa chinenero chao kuti atsale nao. Munthu ameneyo ndiye mphunzitsi wa m'mudzi. Iye ndiye analikuimba ng'oma kapena chitsulo m'mawa, kuphunzitsa ana kuwerenga ndi katekisimu m'kanyumba ka udzu, kutsogolera mapemphero tsiku la Mulungu popanda wansembe, kubatiza odwala kayakaya, ndi kuthamanga usiku kukaitana Bambo kuti adzapereke masakramenti otsiriza. Malipiro ache anali ochepa ndithu, ndipo maina a ambiri a iwo sanalembedwe pa mwala uli wonse. Abambo analikuyendera masukuluwo pa mapazi, pambuyo pache pa njinga, kugona m'midzi masabata athunthu, kumvetsera kulapa ndi kuyesa ophunzira. Ubatizo sunali wa msanga. Lamulo la Kardinala Lavigerie linali lakuti munthu wamkulu aphunzire zaka 4 asanabatizidwe: ayambe walandira mendulo, pambuyo pache mtanda, ndipo aonedwe makhalidwe ache, makamaka pa za ukwati. Ambiri analefuka pa njira. A mitala anabvutika koposa, ndipo akazi ena anasiyidwa ndi misozi imene sitiyenera kuichepsa. Koma amene anafika pa madzi a ubatizo anadziwa chimene analikulandira. Pa Pasaka ndi pa Krisimasi analikuyenda mitunda yaitali, ufa pamutu, kudzagona pa mishoni kuti akalandire Ukaristia.

M'mapiri ano sanali okha. Amishoni a Dutch anayamba pa Mvera mu 1889, pa Nkhoma mu 1896, nakhalanso pa Mlanda ndi pa Mphunzi, pafupi ndi ife pomwe. Panauka mpikisano wa masukulu: mphunzitsi wa uku akamanga m'mudzi, wa uko amanga tsidya la mtsinje, ndipo nyakwawa inasowa kolowera. Boma linafuna kuti dziko ligawidwe, mpingo uli wonse ndi chigawo chache, koma Akatolika sanabvomere kuti malire a pa pepala atsekereze munthu kumva chiphunzitso chimene afuna. Pa mfundoyo analondola. Koma mau onyozana amene ananenedwa mbali zonse ziwiri anagawa mabanja, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti ana a mimba imodzi athe kukhalira pamodzi pa maliro popanda kuyang'anana ndi diso lofiira.

Nkhondo yaikulu ya 1914 inachepetsa anchito ndi ndalama zochokera ku Ulaya. Amuna a m'midzi anagwidwa ku nchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikali kunka kumpoto, ndipo ambiri sanabwerere. Mu January 1915 John Chilembwe anaukira Azungu ku Chiradzulu, ndipo mishoni ya Abambo a Montfort ku Nguludi inatenthedwa. Pambuyo pache Boma linayamikira Akatolika kuti ndi anthu omvera. Chiyamikiro chimenecho chinathandiza mishoni kupeza malo. Komabe madandaulo a thangata ndi a msonkho anali oona, ndipo mau a Eklezia pa zimenezo sanamveke mokweza monga anamvekera pa za akapolo a ku Tanganyika. Itatha nkhondo kunadza chimfine cha 1918, chimene chinalowa pafupifupi m'mudzi uli wonse. Ndipo chaka ndi chaka anyamata analikutsika kunka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho, kusiya akazi ndi ana, ena anatchona. Mabuku a maukwati a m'maparishi akale asunga zipsera za maulendo amenewo.

Koma mlandu umene unatentha koposa m'masiku ao ndi wa Nyau, makamaka ku Mua m'zaka za m'ma 1920. Abambo anaona gule wamkulu ngati mdani wa sukulu ndi wa ubatizo: anyamata olowa ku dambwe analikuleka kuphunzira, nyimbo zina zinali zolaula, ndipo akazi ndi ana a sukulu nthawi zina anathamangitsidwa ndi kumenyedwa. Akulu a Achewa anaona mwina. Kwa iwo gule ndiye analikuperekeza mzimu wa womwalira, kukhwimitsa chinamwali, ndi kusunga ulemu wa mwini mzinda, umene Angoni ndi Azungu anali ataulanda kale mbali zina zonse. Mwana akapita ku sukulu ya mishoni nakana kubvinidwa, anaona ngati mudzi ukutha. Kunali ndeu, kulandana zinyau, kuulula zinsinsi za ku dambwe, ndi milandu yosatha ku Boma la Dedza. Amishoni anapempha Boma kuti liletse guleyo. Boma silinabvomere kumthetsa konse, poopa kuutsa chipolowe ndi kuchotsa mphamvu za mafumu amene linalikuwadalira. Motero palibe anapambana. Mkristu wobvina anatsekeredwa masakramenti, wa Nyau wobatizidwa anasanduka mlendo kwa malume ache.

Ife a lero tiona kuti Ambuye Guillemé ndi Abambo ao anateteza ana a sukulu mwa chilungamo, koma anaweruza mwambo wonse asanaumvetse kufikira pansi. Munthu amene anaona magoli ndi maso ache sanazolowere kukambirana ndi chimene anachiyesa choipa. Ndipo taonani kutembenuka kwa zinthu: pa Mua pomwepo Bambo Claude Boucher, wa chipani chomwecho, anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare munasonkhanitsidwa zinyau mazana kuti anthu aphunzire tanthauzo lache. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu pa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Funso la m'mene Mchewa angakhalire Mkristu osataya makolo ache silinathe. Likali kukambidwa m'miphakati yathu.

Pa za masukulu anagwirizana ndi Boma mosabvuta kwambiri. Boma linakhazikitsa ofesi ya maphunziro mu 1926, nilika lamulo la masukulu mu 1927, lofuna aphunzitsi okhala ndi setifiketi. Nthawi yomweyo Papa Pius XI anatuma Ambuye Arthur Hinsley kuyendera mamishoni a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, ndi uthenga wakuti masukulu aikidwe patsogolo, ngakhale kumanga matchalitchi kuchedwe. Kuchokera pamenepo kuphunzitsa aphunzitsi kunakhala nchito yaikulu, ndipo Bembeke inadziwika nayo. Ku Mua Asisteri analikusamala odwala, ndipo mu 1927 kunatsegulidwa mudzi wa akhate, anthu amene abale ao omwe analikuwaopa.

Chimene chinali pa mtima pao koposa m'zaka zao zotsiriza ndicho kuti Eklezia wa kuno akhale ndi ana ache omtsogolera. Papa Benedikto XV mu 1919, ndi Papa Pius XI mu 1926, analamula kuti maiko a mishoni akhale ndi ansembe a mtundu wao, ophunzitsidwa mofanana ndi Azungu. Azungu ambiri a m'dziko muno, ndi Akristu ena omwe, anakayika ngati munthu wakuda angathe. Seminale yaing'ono inayamba ku Mua, pambuyo pache inasamukira ku Kasina; opambana anatumizidwa kutali ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora, ku Tanganyika. Njira inali yaitali, Chilatini chinali chouma, ndipo makolo analikulira mwana amene sadzawabalira adzukulu. Ambiri anabwerera. Kwa atsikana kunali kobvuta koposa, pakuti m'dziko la chikamwini mwana wamkazi ndiye tsinde la mbumba, ndipo kumlola akhale wosakwatiwa kunali ngati kuzula nsanamira ya nyumba. Komabe mu 1929 Ambuye Guillemé anayambitsa chipani cha Asisteri a dziko lino, nachiika m'manja mwa Tereza Woyera wa Mwana Yesu, amene anali atangotchulidwa woyera mu 1925. Ndiwo Asisteri a Teresian, amene pofotokoza za chiyambi chao amakumbutsa za ana oomboledwa aja, nati nchito yao ndi kumasula anthu ku ukapolo wa mtundu uli wonse.

Mu 1934 anatula udindo. Anawalowa m'malo Ambuye Oscar Julien, a ku Canada. Iwo sanabwerere ku Bretagne. Anatsikira ku Likuni nakhala konko monga gogo wa pa mudzi. Ali kumeneko, chaka cha 1937, mnyamata wa ku Mua, Cornelius Chitsulo, wobadwa mu 1909, analandira unsembe, woyamba mwa Akatolika onse a Nyasaland. Mu 1939 seminale yaikulu inatsegulidwa ku Kachebere, pa mishoni imene iwo anaiyambitsa, kotero kuti anyamata analeka ulendo wa ku Kipalapala.

Ambuye Guillemé anamwalira ku Likuni pa 7 April 1942, ali ndi zaka 82, nkhondo yachiwiri ili m'kati ndipo dziko la kwao lili m'manja mwa Ajeremani. Patapita zaka 14, mu 1956, Dedza inapatulidwa kukhala Vikariati pa yokha, ndipo Bambo Chitsulo anasankhidwa kuitsogolera. Anadzozedwa mu 1957, Episkopi woyamba wa mtundu wathu. Mu 1959 Dedza inakhala dayosizi, ndipo iwo anaiweta kufikira imfa yao mu 1984, mpando wao uli m'tchalitchi cha pa Bembeke.